Ndinatsinzina Atate Akulankhula

Lachiwiri, 17 Seputembala 2024

Anandigoneka dzulo m'chipatala, m'chipinda cha amuna, pa bedi loyandikana ndi zenera. Matenda ndi awiri, koma muzu wake ndi umodzi. Shuga wadya chala chachikulu cha phazi lamanzere, ndipo wayamba kuzimitsa maso. Diso lamanzere linada chaka chatha. Lamanja likupenya, koma monga munthu woyang'ana kupyola utsi wa lupsa. Atayeza magazi anapeza shuga 412. Akundibaya insulini m'mawa ndi madzulo; chilonda achitsuka nachimanga.

Ndapempha akazi anga, a Fainess, kuti andigulire kope ili, ndilembe diso likadalipo.

Ine ndine Cornelius Mphepo, mkulu wa mpingo ku Simlemba. Watha mwezi chiikire atate anga m'manda kwathu ku Lisasadzi, ndipo sindinalirebe. Anthu akuti ndine wolimba m'chikhulupiriro. Si chomwecho ayi.

Lachitatu, 18 Seputembala

Kukacha amatidzutsa kuti akolope pansi. Pambuyo pake amadza anamwino ndi kachipangizo kobaya chala, kenaka phala. Shuga 365.

Kudzanja langa lamanja kwagona Jeremiya, tenanti wochokera ku Phalombe, amene anagwa padenga la chigafa cha fodya nathyoka ntchafu. Mwendo wake aukoka ndi chingwe ndi thumba la mchenga. Pakamwa pake pokha ndi pamene sipanathyoke.

"Abusa, mukulemba ulaliki?"

"Sindine mbusa, mwanawe. Ndine mkulu wa mpingo chabe."

"Ndiye mulembemo kuti Jeremiya anagwa ali pantchito. Abwana akufalitsa zoti ndinali nditalawa."

"Nanga unali usanalawe?"

"Kamankhwala ka chifuwa basi, madala."

Ndinaseka, ndipo ndinadabwa kumva kuseka kwanga.

Lachinayi, 19 Seputembala

Shuga 340. A dokotala akuti chala chiyembekeze. Mankhwala a m'dilipi akalephera, adzachidula. Chala sichikundidetsa nkhawa.

Ndilembe za kwathu, pakuti popanda izi zinazo sizidzamveka. M'nyumba mwathu ine ndekha ndinabadwa wakumva. Atate anali ogontha chibadwire, amayi chimodzimodzi, ndiponso mlongo wanga wamkulu, a Elube. Palibe wa iwo anapondako kusukulu. Chinenero chamanja chimene ana amaphunzira masiku ano sitinachidziwe. Chathu chinali cha pakhomo pathu, chopangidwa ndi atate ndi amayi, ndipo pa dziko lonse lapansi tinkachidziwa anthu anayi. Amayi anatsogola kale. Atate apita. Tatsala awiri: wina samva, wina akuchita khungu.

Nyumbayo inali ndi malamulo ake. Pofuna kuitana munthu unkaponda pansi mwamphamvu, kapena kumponyera kachibuma kumapazi. Nkhani zonse zinkatha dzuwa lisanalowe, chifukwa mumdima tonse tinali osalankhula. Ndipo chipongwe chachikulu koposa zonse chinali kutsinzina munthu akulankhula nawe. Wakumva angathe kutseka maso, mawu namlowabe. Kwathu ukatsinzina wamchotsa mnzako padziko.

Ndisanayambe sukulu atate anayamba kundinyamula kumka nane kwa akapitawo a pa esiteti pamene tinali matenanti. Ine ndinali khutu lawo ndi pakamwa pawo. Kapitawo akati fodya wanu ndi wotsika, mawuwo ankatuluka m'manja mwanga, ndipo khofi la atate linkagwera ine. Sindikumbukira kuti anandifunsapo ngati ndadya. A Elube atate ankawasekera, ankawasungira chimanga chokazinga m'thumba la malaya. Ine ankandiyang'ana monga munthu ayang'ana khasu lake.

Tsiku limene ndinawauza kuti ndikukakwatira ku Simlemba ndipo ndikakhala komweko, ananditsinzinira ndili pakati pa nkhani. Ndinaima manja ali m'mwamba. Sanapenye kufikira nditachoka. Kuyambira pamenepo, ndikapita kukawaona, ankayang'ana zimene ndanyamula, osati ine.

Lachisanu, 20 Seputembala

Shuga 310. Usiku thupi linatentha, tsopano lazizirako.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mu Ogasiti uthenga unafika kuti atate ali pafupi kutisiya. Tinawapeza masana, atagona pamphasa, chitseko chili chotsegula kuti kuwala kulowe. A Elube anakhala kumutu kwawo. A Fainess anaima pakhomo. Ndinagwada, ndipo taonani, atate anandiyang'ana kumaso. Anandiyang'anitsitsa, monga sanachitepo kuyambira ndili mnyamata.

Manja anga anauma. Sindinadziwe choyamba nacho. Koma pambali pa odwala ndagwadapo kosawerengeka, ndipo thupi limadziwa lokha chochita. Ndinapinda manja, ndinatsinzina, ndinayamba kupemphera mokweza mawu. Ndinapemphera nthawi yaitali.

Pamene ndinati amen ndi kupenya, atate anali atatsinzina, nkhope italoza kukhoma. Sanapenyenso. Anamwalira madzulo ake.

Titachoka kumanda, a Fainess anandikokera kuseri nati, "Bambo, pamene munkapemphera paja, apongozi ankayendetsa manja. Anayendetsa, nayendetsanso, akuyang'ana inu ndi alamu." A Fainess manja sawadziwa. Amene anaona ndi kumvetsa ndi a Elube okha. Ndinawafunafuna, ndinawapeza pakati pa amayi olira. Nditangokweza dzanja, ananditsinzinira.

Atate anga analankhula mawu awo otsiriza ine nditawachitira chipongwe chachikulu cha m'nyumba mwathu, ndikuyesa ndikuwachitira ulemu. Chimene ananena sindikuchidziwa. Ndiyenera kuchiona m'manja mwa a Elube diso ili lisanazime, pakuti iwo salemba, ndipo mawu anga sawamva.

Loweruka, 21 Seputembala

A Fainess anabwera ndi nkhwani wotendera ndi mbatata yochepa. Ndinawapempha ayeserenso mmene manja a atate anayendera. Anayesa. Poyamba chinaoneka ngati "madzi". Kachiwiri chinaoneka ngati "choka". Kachitatu sichinali kanthu konse.

"Dzanja linali chogada kapena chofulatira?" ndinafunsa.

"Bambo, ine ndinali kulira. Ndikanadziwa kuti mudzandiyesa mayeso ndikanaonetsetsa."

Jeremiya, amene samalola nkhani imudutse, anati, "Mayi, mmene mukuchitiramo zikukhala ngati mukuitana minibasi. Kapena agogowo ankati ulendo wakwana, kondakitala aime."

A Fainess anamukalipira, koma anamugawira mbatata.

Ngati anati "madzi", ndinawamana madzi. Ngati anati "choka", ndiye kuti anafa monga anakhalira. Ndagona ndi mawu awiriwa tsiku lonse, ndipo sindikudziwa lopepuka ndi liti.

Lamulungu, 22 Seputembala

Amayi a mvano a mpingo wa pano paboma anadza kudzationa. Atamva kuti ndine mkulu wa mpingo anandipempha nditseke ndi pemphero. Onse anaweramitsa mitu natsinzina. Ine zikope zinakana. Ndinapemphera ndikupenya mipango yawo yoyera, ndipo mawu anatuluka olongosoka monga mwa nthawi zonse, koma mkati munalibe munthu.

Shuga 295.

Lolemba, 23 Seputembala

Anandikankha pa njinga ya odwala kumka kwa dokotala wa maso. Anandidontheza mankhwala okulitsa mwana wa diso, naunika nthawi yaitali. Ndi mnyamata waulemu, ndipo sanandibisire. Akuti timitsempha ta mkati mwa diso lamanja tikudontha magazi, ndipo utsi umene ndikuona ndi magaziwo. Pano sangathe kuchitapo kanthu. Andilembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Lilongwe, koma ndidzapita phazi likakhala bwino ndi shuga akatsika.

Ndinafunsa ngati diso lidzandidikira. Anati, "Agogo, limenelo sindingakulonjezeni. Likhoza kukhala chonchi miyezi, likhozanso kutseka mawa."

Ndatuma a Fainess ku Lisasadzi. Ndawaphunzitsa zizindikiro zitatu: "mlongo wako", "akudwala", "bwera". Anazibwereza pakhonde kufikira odikira odwala anayamba kuwayang'ana.

Lachitatu, 25 Seputembala

A Fainess abwerako okha.

Anawapeza a Elube kudambo akuthirira nazale ya fodya, atavala zakuda. Anaponda pansi monga ndinawauzira, ndipo a Elube anatembenuka nawalandira bwino, nawapatsa pokhala pamthunzi. A Fainess anati "mlongo wako". Anati "akudwala". Asanafike pa "bwera", a Elube anatsinzina. Anakhala chotero kanthawi, kenaka anatola ndowa yawo nabwerera kuchitsime.

"Koma anandipatsa mtedza woti ndibwere nawo," anatero a Fainess. "Sanati ndi wa yani."

Sindingawaweruze. Iwo ndiwo anasambitsa atate, anawadyetsa, anapirira ukali wawo wa ukalamba, ine ndili ku Simlemba kuyendera nkhosa za eni. Ndipo pa ola lotsiriza anaona mwana wamwamuna akufika ndi jekete lake, nagwada, natsinzinira munthu wakufa. Mapemphero iwo sanawamvepo. Amangodziwa kuti anthu akumva akasonkhana amatseka maso nagwedeza milomo, ndipo atate ankati imeneyo ndi nyumba ya anthu osafuna kuonana.

Lachinayi, 26 Seputembala

Chala achidula. Anandibaya pamsana, sindinamve kanthu. Tsopano ndikumva.

Loweruka, 28 Seputembala

Thupi kutentha. Dilipi ina. Shuga 330, wakweranso.

Yehova, mwandichotsera atate, mukundichotsera maso. Mlongo wanga yekha ndisiyireni kanthawi.

Lamulungu, 29 Seputembala

Ndapezako mphamvu. Kunja kwatentha, mphepo ikungonyamula fumbi la m'minda yosalima.

Jeremiya anandifunsa chimene chimandiusitsa moyo chotere, ndipo ndinamufotokozera zonse.

Kenaka anati, "Madala, bwanji osangosankha nokha? Nenani kuti anati, mwana wanga ndakukhululukira. Ndani adzakutsutsani? Bambo anga ine anafera ku Joni, sindikudziwa ngakhale manda awo. Ndinawapangira ndekha mawu abwino, ndipo amandithandiza."

"Nanga akakhala kuti anandikana?"

"Ndiye mukufuniranji kudziwa? Munthu amafukula chimbudzi chakale kuti aone ngati munagwera ndalama?"

Ndinamuuza kuti moyo wanga wonse ndinanyamula mawu a anthu ena kumka nawo kwa atate, okoma ndi owawa omwe, ndipo sindinasinthepo ngakhale limodzi, chinkana ndinkadziwa kuti khofi likubwera. Sindingayambe lero kuwaikira mawu m'manja ali m'manda.

Anati, "Ndiye ndinu ovuta ngati iwo omwewo."

Kapena ndi zoona.

Madzulo ndinayesa kukumbukira chokoma chimodzi cha atate. Ndinapeza ichi chokha. Ndili wamng'ono, pa nyengo yosoka fodya, ankandikhazika pakati pa miyendo yawo m'chigafa, nagwira manja anga ndi awo kundionetsa polowetsa singano kuti tsamba lisang'ambike. Manja awo anali akuda ndi utomoni wa fodya, ndipo ankanunkha utsi. Sindikudziwa ngati chinali chikondi kapena ankangofuna wantchito wina. Ndakalamba ndisanadziwe.

Anthu amalira atate amene anali nawo. Ine ndikufuna kulira, koma sindikudziwa ndilire uti.

Lachiwiri, 1 Okutobala

Ndadzuka utsi utakhuthala. Nkhope ya a Fainess sindikuiona, ndikungoona chitenje. Malemba sindingathenso kuwerenga, ngakhale ndi magalasi. Ndikulemba zilembo zazikulu, mizere sindikuiona.

A dokotala akuti ambulansi ya ku Lilongwe ndi Lachisanu; sadikiranso phazi.

A Fainess anatenga magalasi anga pakabati nawaika m'chikwama. Ndinafunsa akupita nawo kuti. Anati, "Zizindikiro zanu zija zinandilaka. Ndikawapatsa alamu magalasiwa m'manja, akadziwa okha kuti mwini wake alibe nawonso ntchito."

Lachitatu, 2 Okutobala

Jeremiya amumasula chingwe, amuika pulasitala. Akuti akatuluka sabwereranso ku esiteti. Kenaka akuti abwerera, chifukwa kwina kulibe.

Sanabwere munthu. Shuga 260.

Lachinayi, 3 Okutobala

Abwera.

Ndinamva kugunda pansi pafupi ndi bedi, kuponda kwa kwathu, ndipo mtima unadumpha ndisanaone kanthu. Chinali chithunzi chakuda chitaima kumapazi kwanga. Ndinakweza manja kuwalonjera. Anayankha, koma m'chipindamo manja awo anasungunuka mu utsi. Ndinawauza kuti sindikuona.

Anandikankha okha pa njinga kutuluka nane panja. Anayang'ana uku ndi uku, napeza khoma lopakidwa laimu limene dzuwa la masana linkawombapo, naima patsogolo pake, pafupi ndi ine, kuti manja awo akuda aoneke pa choyeracho. Analankhula mokulitsa ndi pang'onopang'ono, monga amayi ankachitira tili makanda.

"Wawonda," anatero.

"Inunso."

"Ine ndi ntchito. Iwe ndi tiyi wa m'nyumba za anthu."

Ndinawafunsa za nazale. Anati mbewu yamera bwino, koma chitsime chikuphwa. Kenaka ndinafunsa chimene ndinawaitanira.

Ndinaopa kuti atsinzina, ndipo sindikanadziwa n'komwe, pakuti maso awo sindinkawaona. Koma anakweza dzanja lamanja, naloza kwa ine, nagunda chala pamilomo, natambasula chikhatho chogada.

Chizindikiro chimenecho ndinachidziwa ndisanadziwe dzina langa. Ndicho chimene atate ankandipatsa pamaso pa kapitawo aliyense, wogula aliyense, sing'anga aliyense wa kuchipatala. Tanthauzo lake ndi lakuti, "Akuti chiyani?"

"Anafunsa ine," anatero a Elube. "Ine ndikanadziwa bwanji? Ndinati sindikudziwa. Anayang'ana milomo yako. Anafunsanso. Anayesa kukukhudza bondo, dzanja silinafike. Ine ndinafuna kukugwedeza, anandiletsa. Anati, msiye amalize, atiuza. Anadikira. Iwe osamaliza. Kenaka anatopa."

Sanandikhululukire, sananditemberere. Anafunsa. Munthu yekhayo padziko amene akanawayankha anali atagwada pomwepo, atatseka maso.

Pamenepo ndinalira, pa njinga ya odwala, pamaso pa anthu odikira mankhwala. A Elube anandisiya ndilire. Nditapukuta nkhope anaponda pansi kuti ndiwayang'ane.

"Nanenso ndikufunsa. Unkati chiyani?"

Ndinayamba kulikumbukira pempherolo. Munali mawu ambiri olemekeza, mawu a chifundo ndi a ulendo wa mzimu, amene ndimanena pa wodwala aliyense. Amenewo m'manja mwathu mulibe. Nditachotsa onsewo, panatsala zimene ndinanena kumapeto, zimene sindinauzepo munthu wamoyo. Ndinazinena ndi manja.

"Awa ndi atate anga. Sindinachoke chifukwa chowada. Ndinatopa. Ndinkafuna andiyang'ane."

A Elube anadikira, kuyesa pali zina. Nditatsitsa manja anati, "Zomwezi?"

"Zomwezi."

"Zochepa chonchi." Anapukusa mutu. "Nthawi inalipo. Ukananena kawiri."

Sanakhalitse, pakuti nazale siidikira munthu ndipo minibasi za madzulo n'zosadalirika. Anandibwezera magalasi m'thumba la malaya, nandigwira paphewa. Ndinawauza kuti mawa ndikupita ku Lilongwe, ndipo sindikudziwa ngati ndidzabwerako ndikupenya. Anati adziwa. A Fainess anaima pambali panga, tinawaperekeza ndi maso. Ine chithunzi chakuda chija chinandithera chisanafike pamtengo wa pabwalo.

Shuga 240. Andiuza ndisadye kanthu m'mawa.

A Fainess akuti atafika pachipata anatembenuka, naika mtolo wawo pansi, nanena kanthu ndi manja onse awiri, kanthu kotalikirapo. Maso anga anali otsegula. Sindinaone.